Jenerale Anaiwala Kuwerenga Matayala

Dilu yonse inabadwira pa tebulo la pakona m'bala ya Bakha Wotsimphina, Lachitatu masana, kamvula ka ku Malvern kakuwaza monga mwa nthawi zonse. Norris Gadd, amene anzake ankamutcha Jenerale ngakhale usilikali wake unathera pa chijasi cha pakaunjika, anakankhira matambula pambali n'kuyala pepala lodzaza mizere.

"Amwene, iyi ndiye yophula ngozi," anatero Jenerale. "Mdala Pennifold, dokotala wa mano wopuma uja, ali ndi galimoto yamakedzana m'galaja mwake. Ya 1934. Wogula ndamupeza kale, mapaundi zikwi makumi anayi. Loweruka masana mdalayo akuchoka, ndafufuza."

"Galu alipo?" anafunsa Len Prosser, chimunthu chodzaza chitseko chomwe ankachitchula kuti Kanyerere.

"Ndawerenga zonse, aise. Galu mmodzi wogontha, loko imodzi, masitepe khumi ndi awiri kuchoka pageti. Ine sindiphonya nambala."

Wachitatu pa tebulopo anali Wilf Tandy. Ankamutcha Sipanala chifukwa anagwirapo umakaniko zaka makumi awiri manja asanayambe kuyabwa, ndipo mpaka lero akamva injini ikutsokomola, mtima unkamupweteka ngati akudwala ndi mwana wake. Koma Wilf anali pa chingwe chachifupi. Woweruza anamuuza chaka chatha kuti akadzangogwidwanso, ngakhale ndi supuni ya eni, zaka ziwiri zikumudikira. Tsono Loweruka la sabata yamawa unali ukwati wa Hazel, mwana wake mmodzi yekhayo, ndipo womugwira dzanja polowa m'tchalitchi anali iyeyo.

"Ine ayi, Jenerale. Glenys anandilumbiritsa."

"Akazi ako asiye kaye. Holo walipira ndani? Bambo a mkwati. Keke? Bambo a mkwati. Iwe ukubweretsa chiyani, nkhope?"

Apa Jenerale anaponda pachilonda. Wilf anali atalonjeza Hazel galimoto yaukwati yoti tauni yonse idzatuluke m'nyumba kudzaiona, koma m'thumba munali mphepo yokhayokha. Anagugudiza mowa wake, n'kupukuta pakamwa.

"Mphindi zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri. Ukadya nkhomaliro kwanu."

Loweruka anafika pa geti la Pennifold ndi vani yobwereka mwini wake asakudziwa, kumbuyo ikukoka ngolo yonyamulira galimoto, ija ya njanji ziwiri zachitsulo yokhala ndi mpata pakati. Galu wogontha anawayang'ana n'kugonanso. Kanyerere anangoitsina loko, iyo n'kugonja.

Atavundukula chinsalu chomwe chinaphimba galimotoyo, Wilf anaiwala kupuma. Kagalimotoko kanali kobiriwira, kotsika ngati bwato, kopanda denga, injini ili pamtunda kutsogolo ikunyezimira. Anakazungulira kamodzi, n'kugwada, n'kununkhiza.

"Jenerale, ya 1934 yakeyo ndi iti? Iyi ndi zija zobwera m'mabokosi, munthu n'kumamanga yekha kunyumba. Injiniyi ndi ya njinga yamoto. Onani buku la malangizo ilo, lathimbirira ndi tiyi."

"Wogula ndi wa ku London, sadziwa kanthu. Iliza tizipita."

Makiyi anali pomwepo. Wilf anadzipanikiza mumpando ngati phazi mu nsapato ya mwana, n'kupotokola kiyi. Injini inangoti khofo khofo, kenaka phuu! Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Tingoikankha," anatero Kanyerere.

Munthu wanzeru akanavomera. Koma Wilf anali atatuluka kale, manja a malaya atapinda. Kumva injini yabwinobwino ikuzunzika chonchi, iye sakanatha. Anatsatira mawaya ndi chala, n'kugwedeza mutu mwachisoni.

"Mdala ameneyu anazula mano a anthu angati olakwika? Mawaya a mapulagi anawasemphanitsa, wakumanja kumanzere, wakumanzere kumanja!"

"Sipanala, mphindi zatha!"

"Dikirani, ndimangenso tcheni ichi, chikulendewera."

Mphindi zisanu ndi ziwiri zija zinabala ana mpaka kufika makumi anayi. Koma Wilf atapotokolanso kiyi, injini inabangula mpaka galu wogontha uja anadzuka. Wilf anamwetulira ngati wapatsidwa mphotho kusukulu.

"Kwera nayo pangolo, ndi mphamvu!" anakuwa Jenerale.

Wilf anaponda moto. Matayala awiri akutsogolo anakwera njanji ziwiri zija bwinobwino, lililonse pa njanji yake. Apa m'pamene zinadziwika kuti Jenerale, amene anawerenga galu, loko ndi masitepe, panali chinthu chimodzi chomwe sanawerenge. Galimoto ija inali ya matayala atatu, ndipo lachitatu linali kumbuyo, pakati penipeni, pomwe ngolo inali ndi mpata. Linangoyenda pansi bwinobwino mpaka mimba ya galimoto inati gwa! pa chitsulo chopingasa. Mphuno inaloza kumwamba, mchira pansi, mpando unaseleleka n'kumufinyira Wilf ku chiwongolero.

"Bwerera m'mbuyo!"

"Ndi chiyani? Injini ya njinga yamoto ilibe giya yobwerera m'mbuyo!"

"Galimoto yanji yopanda livesi?"

"Ya 1934 yanuyo!"

Jenerale analamula Kanyerere kuti anyamule mchira, iye n'kukwawira pansi ndi thabwa loti litseke mpata uja. Kanyerere ananyamuladi, koma anagwira paipi ya utsi, yomwe inali itapsa kale ngati mbaula. Anakuwa dzina la mayi ake n'kusiya. Tayala lachitatu linatera pa chijasi cha Jenerale n'kumukhomera pansi chafufumimba, miyendo yokha ikuphiriphitha panja.

Ndiye kumsewu kunamveka phokoso ngati njuchi zolusa. Tigalimoto ta matayala atatu tisanu ndi tiwiri tinakhota motsogozana n'kuima pageti, kutsekereza vani. Munatuluka nkhalamba zovala zipewa zachikopa ndi magalasi a mphepo. Jenerale anafufuzadi zoti Pennifold akuchoka, koma sanafufuze kuti akupita kuti. Mdalayo anakatenga anzake a kalabu kuti adzamuthandize kuona chomwe chikuletsa injini kulira. Galimotoyo anaimanga zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kwa miyezi itatu injini inali ikumukanira.

"Masana abwino," anatero Pennifold mwaulemu, akuvula magolovesi. "Kaya ndingakuthandizeni?"

Pabodza pokha, Jenerale anali dolo, ngakhale atagona pansi pa galimoto.

"Bwana, mwayi wanu! Ife timangodutsa wapansi, n'kuona mbava zitatu zikukweza galimoto yanu. Tazithamangitsa, zalowera kumunda uko. Mnzangayu walumphiramo kuti agwire mabuleki, ine ndadziponya pansi kuti isagubuduke."

Mayi wina wa tsitsi laimvi pang'ono anavula chipewa chake. Anali Sajeni Prudence Hollis wa polisi ya m'tauniyo, yemwe tsikulo anali pa tchuthi ndi kagalimoto kake kofiira. Anamuyang'ana Wilf nthawi yaitali, poti ankamudziwa kale, koma umboni analibe.

"Ngati ndi choncho, mwachita zotamandika," anatero. "Tikutulutseni muzipita."

Mtima wa Wilf unabwerera m'malo. Anamuona Hazel m'maganizo mwake, atavala zoyera, dzanja lili m'khwapa mwa bambo ake. Chomwe chinatsala n'kutseka pakamwa mphindi ziwiri zokha.

Pennifold anagwira injini n'kubweza dzanja msanga.

"Yatentha! Anzanga, yalira! Ndinakuuzani ine kuti ndi batire. Dzulo ndinaitchaja usiku wonse, si izi? Ndaikonza ndekha, popanda makaniko!"

Nkhalamba zija zinayamba kuwomba m'manja. Wilf analuma mlomo. Jenerale anamenyetsa chidendene pa chitsulo kuti Wilf akhale chete.

"Ndipo mawaya onsewa ndinalumikiza ndekha," anapitiriza Pennifold monyada. "Palibe ndi mmodzi yemwe wolakwika."

"Bodza!" Wilf anaphulika. "Batire yake iti? Mawaya a mapulagi munasemphanitsa inu, madala! Ndakhala mphindi makumi anayi m'galaja mwanumo kukonza zonyansa zanu. Tcheni ndamanga ndine, mabuleki ndakoka ndine. Batire!"

Pansi pa galimoto panangomveka Jenerale akuwombetsa chipumi pa simenti.

"Mphindi makumi anayi, Bambo Tandy?" anafunsa Sajeni Hollis, akutulutsa foni. "M'galaja? Pitirizani, ndikumvetsera."

Loweruka la ukwati, Wilf analimvera m'chitokosi, ndipo analira mosabisa, chifukwa panalibe wina womuloza chala koma pakamwa pake pomwe. Lolemba lake Glenys anabwera kudzamuona. Sanamupatse moni. Anangoika chithunzi pa tebulo.

"Pennifold ndi munthu," anatero. "Atamva za ukwati, anabwera yekha kudzapereka galimoto, akuti ndi kuthokoza kwake poti unamukonzera injini. Tauni yonse inatuluka, monga unalonjezera. Ndipo poti bambo ake kunalibe, wamulowetsa m'tchalitchi ndi iyeyo."

Wilf anachiyang'ana chithunzicho. Hazel anali m'kagalimoto kobiriwira kaja, nsalu yakumutu ikuuluka, akuseka, koma maso ali otupa. Misozi ya Wilf inadontha pa tebulo. Glenys anafewa pang'ono, n'kudikira kuti mwamuna wake anene mawu opepesa amene mayiyo anawayendera ulendo wa mabasi awiri.

Wilf anapukuta mphuno, n'kuyandikitsa chithunzi kumaso.

"Nanga pokwera phiri la kutchalitchi lija," anafunsa motsitsa mawu, "injini sinatsokomole?"

Glenys anatola chithunzi chake n'kuitana mlonda kuti atsegule chitseko.