Tsiku limene mudzi wonse unanditsatira kuthengo

Kwathu kuno kunyanja ya Chiuta kuli njira ina imene apanjinga amaitukwana tsiku ndi tsiku. Imayenda mowongoka bwinobwino, kenako n'kukhota popanda chifukwa, kuzungulira chulu. Njira imeneyo ndinaiyambitsa ndine, ndipo zaka zonsezi sindinaululepo.

Nkhondo itatha tinachoka ku Malawi komwe tinathawira, n'kuwolokera pamalire a Entre Lagos kubwerera kwathu. Tinali chigulu, makanda kumsana, mphasa pamutu. Njira zakale zinali zitamera tsekera, ndipo aliyense ankadziwa kuti m'nthakamo mwagona mina, mabomba okwirira aja. Mtsogoleri panalibe. Lamulo linali limodzi, ndipo palibe amene analikhazikitsa: ponda pomwe waponda mnzako wakutsogolo. Tinkangondondozana ngati linthumbu, maso ali pa zidendene.

Ine ndinali pakati pa mzere, m'mimba muli nandolo wadzulo lake (amene anadyako nandolo wa kukampu ya othawa nkhondo andimvetsa). Ndinapirira, ndinapemphera, thukuta lili kamukamu. Tsekera atabisa munthu wakutsogolo kwanga, ndinaona chulu kumanzere, ndiye ndinati ndipatuke mwakachetechete. Za mina ndinaiwaliratu. M'mimba mukavuta nzeru zimathawa, abale.

Ndisanapite patali ndinamva tswatswa kumbuyo. Kucheuka, ndi Che Saidi, msodzi wachikulire amene ankanditsatira, maso ali pa zidendene zanga. Kumbuyo kwawo mkazi wanga. Kumbuyo kwa mkazi wanga, theka la mudzi.

"Mwaonapo kanthu, achimwene?" ananong'ona Che Saidi.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Ndikanangonena zoona, tikanaseka n'kubwerera. Koma wotsatana ndi mkazi wanga anali apongozi anga aakazi. Ndinene za m'mimba pamaso pa apongozi? Ndinangogwedeza mutu ngati munthu wodziwa zinthu. "Tiyeni kuno," ndinatero.

Mawu anayenda kuchokera pakamwa kupita pakamwa: "Aona mina! Aona mina!" Amene anali kutsogolo aja atamva, anatembenuka n'kukalowa kumchira kwa mzere wanga. Basi wotsogolera ndinasanduka ine, m'thengo losapondedwa, moyo wa anthu onsewo uli pansi pa mapazi anga. Za m'mimba zija zinaima zokha. Mantha ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo ngakhale pothawa nkhondo. Phazi lililonse ndinkaliika pansi ndikutsanzika ana anga chamumtima.

Ndinaganiza zozungulira chulucho kuti tibwerere m'njira yopondedwa. Titazungulira ndinaona zidendene kutsogolo, mtima n'kukhala pansi, ndinayamba kuzitsata. Osadziwa kuti ndi za mayi wotsiriza pamzere wathu womwewo! Mutu unali utakumana ndi mchira. Tinazungulira ndi kuzunguliranso, aliyense akukhulupirira kuti wakutsogolo akudziwa kolowera (wakutsogolo wake uti?), mpaka mkazi wanga anaima.

"Abambo a Zione, mtengo wa mpoza uwu ndawuona katatu," anatero. Iye ndi amene anadula mzerewo n'kutilowetsa m'njira.

Tinafika tonse amoyo, Mulungu yekha. Che Saidi anandibweretsera nsomba yothokoza, ndipo ndinadya (manyazi ndinali nawo, komanso njala). Obwerera m'mbuyo mwathu anapeza tsekera wogona mozungulira chulu, nawonso anatsata momwemo. Njira inakhazikika choncho.

Masiku ano ndikamaingitsa mpheta kumunda wa mpunga, ndimaziona zikutembenuka pamodzi m'mwamba ngati zauzana. Ena amati zili ndi mfumu yake. Ine ndimakana. Iliyonse imangoyang'ana inzake yapafupi, ndipo imene yayamba kukhota mwina ili ndi mavuto ake. Zimandisangalatsa, komanso zimandiopsa, kuti gulu lalikulu likhoza kuyenda mwadongosolo chonchi palibe wodziwa kopita.

Ochotsa mina atabwera, anafufuza ponseponse pachulu paja. Mbali yowongoka ija, imene anthu ankati ndinaonapo kanthu, sanapezepo ngakhale msomali. Mina imodzi yokha anaifukula m'mphepete mwa njira yanga yokhota, mkono umodzi kuchokera pomwe tinaponda tonse, ndi ana omwe.

Nditamva, ndinakhala pansi pakhonde. Mkazi wanga anapitiriza kupeta mpunga osandiyang'ana. Kenako anati, "Abambo a Zione, tsiku lina mukadzafuna kuthengo, muzingonena."