Tsiku Limene Kompyuta Inandibisira a Kapitao

Iwe wa jekete yofiira, tsika pa kabazapo ubwere kuno, chifukwa ndakuona ukutsinzinira anzako diso pamene ndimati ine Nampuluma ndinalowapo m'kati mwa kompyuta ndi nsapato zomwe. Ukuti ndi bodza? Magetsi sanayake, mafoni anuwo satchajika ndi malovu, ndiye khalani pansi nonse mumve, wotsutsa atsutse pomaliza.

Inali nthawi ija mafuta a galimoto ankasowa. Shopu inali yomwe ino, pa Muloza pano, koma kompyuta inali imodzi dera lonse lino, ndipo inkayendera pulogalamu ija yaulere, imene amapanga anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana monga mmene timathandizirana kufolera tchalitchi, yoti aliyense wofuna amaitsegula m'mimba n'kukonza pomwe wafuna. Anthu ankabwera ndi zithunzi zawo zamapepala kuti ndiwasungire m'makina poopa chiswe ndi mvula. Ine zolemba maina sindinkavutika nazo. Ndinkangoziyala pa galasi ngati tomato pa chiguduli, a ku Thuchila kumanzere, a ku Boma pakati, a m'makomboni a tiyi m'mwamba, a ku Milange, kutsidya kwa malire, kumanja kwenikweni. Munthu akalowa ndinkangoyang'ana matope a kumapazi kwake n'kudziwa poloza.

Ndiye m'mawa wina pa galasi panabwera uthenga wakuti anzathu aja akonza maonekedwe atsopano, kodi mukuwafuna? Ine matenda anga ndi chidwi, ndili mwana ndinaphwasulapo wailesi ya amalume kufuna kuona anthu oyankhulamo, ndiye ndinadina kuvomera. Makina atadzukanso, galasi lonse linali mbee ngati bwalo losesa. Thuchila palibe, Milange palibe, batani lotsegulira zinthu lomwe linkakhala pansi lasamukira m'mwamba, lozimitsira labisala. Mantha anabwera pambuyo. Choyamba ndinangofuna kudziwa kuti munthu wosesa bwino chonchi zinyalala wakataya kuti.

Ndili chiyang'anire, kunalowa mai a Rozina, mkazi wa malemu a Kapitao aja ankayang'anira othyola tiyi ku esiteti ya kumtunda. Titapatsana moni anandiuza kuti mawa lake kuli mwambo wa chiliza cha amuna awo, abale afika kale, ndipo akufuna chithunzi chija ndiwasindikizire chachikulu kuti zidzukulu zobadwa pambuyo pa maliro zione nkhope ya agogo awo. Chapepala chinapita ndi madzi chaka chimene napolo anadutsa kwawo. Padziko lonse lapansi nkhope ya a Kapitao inatsala malo amodzi, m'makina mwanga, ndipo ine sindinkadziwa kuti makinawo aiika pati. Ndinawapatsa mpando, n'kuwauza kuti ndi ntchito yaing'ono.

Ndinagwira mausi n'kuyamba kuyendetsa kamuvi pang'onopang'ono ngati munthu wofufuza njira mu chiperoni, ndipo katangogunda ngodya ya m'mwamba kumanzere, eee, mazenera onse a pa galasi anabalalika nthawi imodzi, mphepo yake inatsegula ndi mazenera enieni a shopu ino, n'kuulutsa zipewa za alonda a pa chipata cha malire, n'kukankha mitambo yonse kubwerera kuphiri, moti amayi anayanika makaka tsiku lomwe aliyense ankati kugwa mvula. Mukumva? Ndinabwerezanso dala kuti ndione ngati zichitikanso, zinachitikanso, ndipo ulendo wotsatira dzanja linaterereka kulowa pa ngodya pomwepo, phewa linatsatira, mutu, mimba, mpaka nsapato.

M'kati muja, abale anga, muli ngati msika umene khonsolo yasuntha mabenchi. Zonse zilimo, koma pomwe unkagula mchere wapeza ogulitsa matayala. Ndinapeza chipinda chopanda kanthu, ndinaikamo chipewa changa kuti ndisasochere, nthawi yomweyo pansi pake panabadwa chipinda china chopanda kanthu, ndinatsikiramo n'kuikamo lamba, panabadwanso china, ndinaika sokosi, china, ndinapitiriza kutsika chifukwa ndinkafuna kuona pothera pake mpaka ndinatulukira ku Milange kuseri kwa kauntala ya munthu wogulitsa nsalu, amene anangondipatsa moni wa kwawoko kuti bom dia, ine ndinamuyankha mwaulemu n'kubwerera momwe ndinadzera, pasipoti osadinditsa, ndikutola zovala zanga chipinda ndi chipinda. Mulungu ndi mboni.

Pobwerera ndinakumana ndi eni ake omanga zinthuzi. Anali atakhala pa mabenchi, ena makabudula, ena majasi a chisanu, akukangana m'zilankhulo zosamveka koma mkangano wake wofanana ndi wa komiti ya mjigo. Ndinawafunsa chomwe anasesera pabwalo panga. Wina wandevu anandifotokozera kuti kale tinkatopetsa maso kusakasaka, pano munthu ungolemba dzina la chinthu, chokha chimabwera. Kunena zoona nzeru imeneyi inandikoma, ndinawafunsa zambiri, ndinawamangirako ndi mabawuti awiri omwe ankagwedera, iwo n'kundichonderera kuti ndikhale tcheyamani wawo. Ndinakana chifukwa ndinasiya mayi pa mpando.

Anandilozera nyumba imodzi yaikulu. Mmenemo ndi momwe munali zithunzi zanga zonse, akwati, makanda, matimu a mpira, amvano, unyinji ngati tsiku la msika, koma aliyense atayang'ana kukhoma, ndipo wandevu uja anati satembenuka pokhapokha utamutchula dzina. Ndinakuwa kuti a Kapitao, mawu anga anakamveka ku Thuchila mpaka agalu anauwa, koma m'nyumbamo sanatembenuke ndi mmodzi yemwe. Ndinatuluka pa ngodya paja n'kupeza tiyi wanga akadali wotentha.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulemba monga anandiphunzitsira. Ndinalemba Kapitao, palibe. Dzina la ubatizo lomwe analemba pa chiliza, palibe. La mtundu, palibe. M'pamene ndinakumbukira kuti chithunzi chimenechi chokha chinali ndi dzina. Tsiku lomwe anabwera nacho, a Kapitao anandipempha kuti adineko okha mabatani, nawonso anali munthu wachidwi, ndipo analemba ndi chala chimodzi ataphimba ndi chipewa, akuseka, amvekere alemba dzina lomwe anawapatsa mai awo kutsidya kwa mtsinje, asanabatizidwe, asanalembedwe ntchito ku tiyi.

Ndinawauza mai a Rozina kuti makina akufuna dzina limenelo. 

Inu ana a masiku ano mumaitanana maina ndi akazi anu ngati muli ku sukulu, simungamvetse. Mayi wa msinkhu umenewo satchula dzina la amuna ake. Chikwatiwireni ankangoti abambo a Rozina, m'nyumba, kumunda, ngakhale pa tsiku la maliro. Anandifunsa ngati palibe njira ina, ndinati ndayenda makina onse, palibe. Ndinati alembe pa pepala, anati sukulu sanapite. Ndinati tifunse ana, anati ana salidziwa, ndipo alongo ake a malemu omwe ankalidziwa anatha onse. Linatsala m'kamwa mmodzi basi. Anayamba kupinda ndi kutambasula nsonga ya chitenje, ine mtima ukundiwawa chifukwa ndinkaona kuti akusankha pakati pa ulemu wa moyo wawo wonse ndi nkhope ya amuna awo.

Kenako anandiuza kuti nditseke chitseko. Anasendeza mpando kufupi ndi galasi, osandiyang'ana ine, n'kulitchula motsitsa, ngati mmene umaitanira munthu amene wagona pafupi nawe. Zala zanga zinathamanga, ndipo ndisanamalize n'komwe kulemba, a Kapitao anatulukira pa galasi, jekete yawo ija yaikulu, chipewa m'manja.

"Mwandiyankhulitsa lero, abambo a Rozina," anatero mayi aja. "Koma mwamva msanga."

Ndinalira, sindibisa, ine Nampuluma ndinalira mpaka ndinasindikiza chithunzi chija ndikuona mwachimbuuzi. Mawa lake chinaima pambali pa chiliza, zidzukulu zikukanganirana kuti mphuno imeneyo anatengera ndani.

Ukuti chiyani, wa jekete? Dzinalo linali loti chiyani? Iwe usandiyese. Za ku Milange ndikhoza kukubwerezera mpaka magetsi ayake, koma limenelo sulimva, olo undinyamule ulere pa kabaza yako chaka chonse. Mayi aja sankauza ine ayi, ankaitana amuna awo. Ine ndinangobwereketsa zala, ndipo zala zoposa izi simudzazipeza kuchokera pano mpaka ku Boma.