Sutikesi ya Che Ahmad

Ngati munasoketsapo chovala pa Senga Bay, mukuwadziwa Che Ahmad, telala uja anatha zaka makumi atatu akutsanzika. Ine Samueli ndimameta anthu khomo loyandikana ndi lawo, ndiye zonse zinkandipeza m'khutu. M'mawa uliwonse, asanaponde n'komwe makina, ankayamba alitukwana kaye dziko lino.

"Dziko lanji ili? Nyanja yonseyi koma mpopi uli gwa! Ine Lachisanu lino ndapita ku Joni. Mutsale naye Malawi wanuyo."

Pansi pa makinawo pankakhala sutikesi yomanga ndi lamba, yokhoma ndi maloko awiri. Magetsi akazima ankaikokera panja. Sopo akakwera mtengo ankaipukuta fumbi. Abale anga, tinawachitira phwando lotsanzikana katatu konse, mbuzi ziwiri zinafera ulendo umenewu. Tsiku lomwe anapita patali kwambiri anafika pa Kamuzu Road, tauni ya pafupi pompa, n'kubwerera, ati minibasi imanunkha nsomba. Munthu wokulira pansi pa thandala la usipa!

Tsono tamvani zomwe zinamuonekera Godwin. Mkuluyu anabwera kuchokera ku Joni ndi nsapato zosongoka, n'kupereka thalauzi la pachinkhoswe chake kuti alifupikitse. Pofuna kuwasangalatsa anati, "Madala, mumanena zoona. Dziko ili ndi kudzala basi."

Makina anaima.

"Wati chiyani iwe?"

"Ndangobwereza mawu anu omwe, madala."

"Mawu anga ndi anga! Mchombo wako unagwera kuti? Unayamwa phala la ku Joni iwe?"

Tsiku la chinkhoswe, Godwin polowetsa mwendo anapeza njira palibe. Miyendo yonse iwiri anaisoka kumapeto, mizere itatu itatu. Anathamangira kuno atavala kabudula, thukuta lili kamukamu, akuchikazi akudikira. Che Ahmad osatekeseka n'komwe: "Miyendo yothawa kwawo timaitsekera."

Tinaganiza kuti mwina mankhwala ake n'kuyamikira. Ayi ndithu! Mzungu wina wa kumalo ogona alendo atanena kuti Malawi ndi wokongola, iwo anandikodola. "Samueli, umuuze adzabwere mu Febuluwale ufa utatha m'thumba, adzaone kukongolako." Tinasowa pogwira. Ukanyoza ndi nkhondo, ukayamikira ndi nkhondonso.

Chaka chathachi mtima unayamba kuwavuta. Miyendo inatupa, makina osapondeka. Mwana wawo Esha, yemwe amagwira ntchito ku Durban, anatulukira ndi matikiti awiri a basi, dokotala wa kumeneko ataika kale tsiku la opaleshoni. Kuchipatala kuno anali atanena mosabisa kuti akachedwa sadzaona mvula ya chaka chamawa.

"Ababa, Joni munkaifuna ija ndi iyi," anatero Esha. "Nyamukani."

Che Ahmad anawerama pansi pa makina paja. Anakumbatira sutikesi n'kukwera. Ife tinabayibitsa, mbuzi osapha, poti tinali titachenjera. Koma ine mumtima munandiwawa, ndinadziwa kuti ulendo uno ndi weniweni.

Mawa lake masana, ndili pakati pometa munthu, panaima lole ya mbatata ya kachewere. Pamwamba pa matumba, Che Ahmad, sutikesi ili pamiyendo! Esha anatsika kutsogolo maso ali psuu. Ine kukamwa yasa, mpaka ndinamudula khutu kasitomala.

"Atsika pa boda ya Dedza!" Esha analira. "Wachidindo watambasula dzanja kuti alandire pasipoti, iwo akuibweza m'thumba. Ababa, mukufuna kufa?"

"Kufa ndifa ndithu, mama. Nkhani ndi ya kofera. Msilamu sagonekedwa masabata m'firiji kudikira thiraki yomubweretsa kumudzi. Ndikatsikira uko, dzuwa lisanalowe mwandikwirira m'dothi la eni, pakati pa anthu osandidziwa dzina."

Ine ndinalowererapo. "Koma achimwene, si inu mumati dziko lino n'lotembereredwa?"

"Ndipo ndikubwerezanso! Koma kumeneko ndikatukwana chiyani? Dziko la eni sutukwana, umangoti zikomo bwana, ngakhale akuponde chala. Kuno ndikakalipa mpopi, ndikukalipira mpopi wanga."

Esha anawanyengerera sabata yathunthu. Anaitana ashehe, anaitana alongo awo a kwa Maganga, anagwada pansi. Zinakanika. Ine ndinawakwiyira kwambiri, masiku atatu osawapatsa moni, chifukwa mwanayo ankandimvetsa chisoni.

Che Ahmad anakhala miyezi iwiri pakhonde pa shopu yawo, akutukwana msewu, mitengo ya zinthu ndi timu ya dziko, mawu akunka nachepa. Anamwalira m'mawa wa Lachisanu. Anthu tinayang'anana, poti tsikulo anali atalinena kwa zaka makumi atatu.

Pofunafuna nsalu yowavekera, Esha anandipempha kuti ndiphwanye maloko a sutikesi ija. Tonse tinaunjikana, kuyembekezera majekete ndi nsapato za ulendo. Munalibe ngakhale malaya amodzi. Munali sanda yokha, nsalu yoyera yoikira maliro, yodula kale pa muyezo wawo, m'mopinda mutachita chikasu chifukwa chokhalitsa. Pamwamba anabayapo kapepala ndi singano: "Mundiike kwathu konkuno, kufupi ndi msewu, ndiziwaona othawawo." Esha anakhala pansi n'kuseka, kenaka kusekako kunasanduka kulira. Pa jeneza, chithatha chonyamulira maliro, Godwin ndi amene anakana kulandiridwa mpaka kumanda.

Pano pakhonde paja pali mayi wogulitsa zitenje, munthu waulemu, sadandaula kanthu. Ife timayesa kudandaula, koma sizikoma, zimangomveka ngati tikulinyoza dziko. Dzulo magetsi anazima ndili ndi mutu wometa theka. Msika wonse unangoti zii, ndipo ndinapeza kuti tonse tatembenukira kukhonde kuja, kudikira kuti wina akoke sutikesi.