Khadi ya pa Geti ya Atate

Lolemba

Tichipi tafika! Tisanu, m'kapepala konyezimila, kalikonse kochepa ngati njele ya mphodza. Totchipa mochititsa manyazi. Ntchito ya kachipi ndi umkhalapakati chabe: ukalowetsa khadi m'kamakina, iko kamalankhula ndi kagolide ka pa khadi, loko n'kutseguka.

Nkhani ndi iyi. Manja a Atate ayamba kunjenjemela, kiyi siilowanso pa loko ya geti. Alongo anga ba Mabvuto ati Sondo abwela kudzawatenga, akakhale nawo ku Woodlands. Atate safuna n'kumva komwe. Nyumba ya ku Chelstone anaimanga ndi malemu Amayi, mtengo wa mapeyala anabzala awili. Ba Mabvuto ati, "Akatsegula geti okha ine nili kuona, nizabasiya."

Ine tsiku ndi tsiku ndimakonza timakina tolipilila ndi khadi m'tauni. Geti ingandikanike ine? Aa, iyayi.

Lachiwili

Ndaweluka, minibasi mpaka ku Chelstone. Pa tebulo la Atate ndayala:
waya
batile
chowotchela waya
makhadi awili
tichipi
mtima wanga wonse

Atate awelama kuti aone bwino. Ayetsemula. Kachipi kamodzi kauluka!

Tili chogwada kufunafuna, alowa amai Zulu a nyumba yoyandikana, amasiye nawonso. Ndiwo amasunga kiyi ina, amawatsegulila Atate geti popita ku Misa ndi pobwela, kenako tiyi. Ati, "Mufuna chani pansi? Nyumba ya doti so, mungapeze chinthu?" Atenga tsache. Asesa bwinobwino mpaka ku dzala.

Tatsala tinayi.

Lachitatu

Ndili pakati pa kuwotchelela, malaiti apita. Ndikhala, ndidya mapeyala. Malaiti abwela ndi ukali, kachipi phu! Utsi. Atate ati, "Kapsa? Sunaikemo madzi?"

Kachitatu ndakamata mozondoka ine mwini wake, injiniya wa banja. Izi sindiuza munthu.

Tatsala tiwili. Ba Mabvuto atumiza chithunzi cha chipinda chimene akonzela Atate. Makatani atsopano. Mtima wanga wawawa, chifukwa nawonso amawakonda, kungoti amakonda ndi galimoto.

Lachinayi

Zatheka! Khadi lowu, kanyale kobiliwila waku, geti kwa! Ndavina pa msewu, anthu ogula pa kantemba andiombela m'manja.

Atate ayesa katatu, katatu konse yatseguka. Khadi siivuta ngati kiyi, ngakhale dzanja linjenjemele. Ndiwauza, "Atate, khadi iyi muisunge ngati leji yanu, chitupa cha boma."

Amai Zulu aimilila ndi kiyi yawo kunsonga ya chitenje. Ati, "Ooh, manje ise batichotsa nchito?" Aseka. Atate saseka. Kutopa kapena.

Lachisanu

Mayo ine!

Atate avala jekete m'mawa, akwela minibasi okha mpaka ku Cairo Road, akamatitsa khadi m'pulasitiki. Pulasitiki yokhuthala, ya mtengo wapamwamba. Pakuti leji yawo ndi yomata, khadi ya ubatizo yomata, setifiketi yanga ya giledi seveni yomata, chithunzi cha Amayi chomata kawili. Kwathu chinthu chaulemu sichiyenda maliseche.

Manje kagolide kali m'kati, kachipi sikangakakhudze. Ndipo khadi yanenepa, siikwana pa kabowo. Atate aikankha ndi chigwililo cha sipuni. Timano ta m'kamakina tapindika, kachipi kachinayi kafela pomwepo.

Ati, "Koma yaoneka bwino, eti?"

Yaonekadi bwino. Katsala kamodzi.

Loweluka

Tsiku lonse pa geti, dzuwa lili pamutu. Kachipi komaliza, khadi yomaliza. Yatsegukanso! Malamulo ndawalembela pa katoni:
Osamata.
Osachapa.
Osabweleka munthu.
Sipuni ayi.

Ndilowa kukasamba m'manja. Potuluka ndimva kununkha. Atate awotcha msomali pa mbaula, aboola khadi kuti aimangilile ku kolona yawo, isatayike. Aboola pati? Pa kagolide penipeni! Pakati pake, osaphonya.

Munthu amene kiyi imamukanika.

Ndakalipa, Mulungu andikhululukile. Ndati, "Mufuna kupita ku Woodlands kapena?" Angoyang'ana mtengo wa mapeyala. Ndalila m'minibasi njila yonse mpaka kwanga ku Kabwata, kondakita sanandiuze n'komwe kuti ndisendeze.

Kachipi kali moyo, koma kalibe wolankhula naye.

Sondo

Ndabwezela loko yakale. Tachoka ku Misa, galimoto ya ba Mabvuto ili kale pa geti, buti yotsegula.

Atate atulutsa kiyi. Dzanja gwedegwede, kiyi ingogunda pambali. Ndiyang'ana pansi. Amai Zulu atulukila osathamanga, amasula kiyi pa chitenje, atsegula. Ati, "Tiyi yazizila, a Banda."

Ba Mabvuto ati, "Ninakamba kuti okha."

Atate awongola jekete. Ati, "Mwana wanga, mlongo wako anakonza bwino, ndinaona. Koma geti ikamatseguka ndi khadi, amai Zulu adzabwelanso kudzachita chiyani?"

Amai Zulu apeza ntchito yoyang'ana nyelele pa khoma. Ine ndiyang'ana ba Mabvuto, ba Mabvuto ayang'ana kumwamba, akanda m'mutu, aseka mpaka misozi. Galimoto yabwelela ku Woodlands ndi thumba la mapeyala chabe.

Sabata yonse ndakonza chinthu chosawonongeka. Basi, ndagonja. Ndipakila waya wanga, makapu a tiyi ali awili pa khonde, yanga ndikadzitengela ndekha.

Kachipi komaliza Atate akapempha, ati ndi chikumbutso cha nzelu za mwana wawo. Mawa apita nako ku Cairo Road kukakamatitsa.