Batani, galu wosauwa

Anzanga, nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zambiri, koma poti theka la Chinsapo likuidziwa kale, palibenso chimene ndikusunga. Bola muimve kwa mwini wakene, chifukwa enawo akamaifotokoza amathira mchere wambiri, mpaka kumanena kuti ndinkakwawa. Ine sindinakwawe ayi, ndinangonyonyomala.

Zinachitika zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kufala, munthu ukalandira kufulasha n'kumadziona ngati bwana. Nthawi imeneyo ndinkasoka zovala pakhonde la golosale ina ku Biwi, ndipo ine ndi abambo akunyumba tinkachita lendi konkuko. Tsiku lina m'dzinja, mvula itangosiya, ndikuchokera kogula ulusi, ndinamva kanthu kakulira m'ngalande. Kusuzumira, ndi kagalu, konyowa kotheratu, nthiti zonse zili pamtunda, m'makutu muli nkhupakupa zokhazokha. Ine agalu sindinkawakonda, ndinene chilungamo. Ndinapitirira, ndinayenda mpaka pampopi, kenako miyendo yokha inandibweza. Ndinakakulunga m'kansalu kotsala posoka n'kupita nako kunyumba.

Phala, timitu ta usipa, madzi ofunda ndi sopo, pakutha pa miyezi iwiri kagalu kaja kanasanduka galu ndithu. Anali wakuda, ndi kadontho koyera pamphumi, ndiye ndinamutcha Batani. Ankagona pansi pa makina anga tsiku lonse, ine ndikupalasa, iye mutu uli paphazi langa lamanzere. Ndinamukonda galu ameneyu, ndipo sindichita nazo manyazi. Vuto lake linali limodzi: sankauwa. Kaya padutse chidakwa, kaya mbuzi, kaya wogula mabotolo akukuwa ndi mawu ake onse, Batani ankangodzuka, kuyang'ana, n'kudzandigunda mwendo ndi mphuno. Pakamwa pali tseke.

Ndiye tsiku lina alandilodi, bambo woweta nkhuku zambiri, anamupeza akununkhiza anapiye. Sanadye ngakhale kamodzi, ankangonunkhiza. Alandilodi anabwera kudzakhala pampando wa makasitomala, anandipatsa moni bwinobwino, n'kundiuza kuti mwezi ukamatha galuyo asapezekenso paploti pawo, apo ayi akaitana anthu aja amawombera agalu oyendayenda nthawi ya chiwewe. Sanakalipe, analankhula mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandiuza kuti sakuseka.

Ndinayamba kumufunira pokhala. Anthu ofuna galu analipo, si nkhani. Bambo wina wa ku Kawale anandionetsa kabokosi kamdima kamene anati azimutsekeramo usana wonse, n'kumamuthirira tsabola m'chakudya kuti aluse. Ndinati ndikaganize kaye, ndipo mpaka lero ndikuganizabe. Wina ku Area 23 anali ndi tcheni chachifupi chomangirira pamtengo wopanda mthunzi, ndipo nditafunsa za galu amene ankamangidwapo kale, anangoti anafa yekha. Che Jafali, eni golosale ija, amene kwawo saweta agalu koma ankamusungira Batani nyenyeswa za mabanzi, ankandiseka kuti ndikusankha ngati ndikukwatitsa mwana wamkazi. Uku masiku akupita.

Amene anandipulumutsa ndi mayi Gondwe, kasitomala wanga wa ku Chinsapo. Anabwera kudzayezetsa diresi, n'kundiuza kuti kutchalitchi kwawo kuli mayi wina wachikulire, a Nabanda, wamasiye, amakhala okha, amalima masamba ndi kuweta abakha. Anthu anali atawabera abakha kangapo, ndipo mwana wawo, a Yohane, kalipentala wa ku Mtsiliza, ankawafunira galu.

Loweruka ndinamuika Batani mudengu, n'kukwera naye minibasi. Nditangolowa mumpanda wa a Nabanda mtima wanga unakhala pansi. Pabwalo posesa bwino, mtengo wa mango wamthunzi, beseni la madzi a abakha, mpanda wa udzu watsopano. Mayiwo anamunyamula Batani n'kumuika pamiyendo, kuyamba kumukanda kuseri kwa makutu, iye n'kutsinzina. Sanalankhule zambiri, ankangomwetulira ndi kugwedeza mutu. Zolankhula zonse anagwira ndi a Yohane, munthu wosachedwa ndi nkhani zozungulira.

"Amauwa?" anandifunsa.

Tsono apa ndi pamene ndinayambira kudzikumbira dzenje. Ndikanangonena zoona. Koma ndinayang'ana mthunzi uja, ndinakumbukira alandilodi, pakamwa panga n'kuyankha pokha.

"Kwambiri, achimwene. Mpaka aneba amadandaula."

A Yohane anati chabwino, galuyo akhale sabata imodzi. Loweruka lotsatira adzabwera kudzafunsa mayi awo, ndipo ngati sanamumvepo akuuwa ndidzamutenge, chifukwa iwo sangamadyetse mlonda wosagwira ntchito. Loweruka limenelo linali lomaliza m'mwezi. Ndiye kuti Batani akabwezedwa, kunalibenso kwina kopita naye.

Sabata imeneyo ndinasoka mkono wa malaya mozondoka kawiri. Phazi langa lamanzere linkazizira. Lachitatu, ndili pakati popalasa makina, nzeru inandifikira, ndipo ndinaiona ngati yochokera kumwamba. Kodi mayiwo akufunika chiyani? Kumva kuuwa basi. Nanga alipo ananena kuti aonenso pakamwa pamene kuuwako kukuchokera? Mpanda ndi wa udzu, kuseri kwake kuli chimanga chachitali. Munthu atha kufika masana, kuuwa kangapo, n'kubwerera kwawo mwaulemu, Loweruka mayiwo n'kudzachitira umboni ndi mtima woyera.

Musaganize kuti kuuwa ndi kophweka. Madzulo ake ndinayeserera m'bafa. Poyamba zinkatuluka ngati mbuzi yotsamwidwa. Kenako ndinazindikira kuti galu wamng'ono mawu ake amakhala opyapyala, amachokera pakhosi, osati m'mimba. Abambo akunyumba anagogoda pachitseko cha bafa kufunsa ngati ndameza munga wa nsomba. Ndinati ndi chifuwa chabe, iwo n'kupita kukandigulira mandimu.

Lachinayi m'mawa mayi Gondwe anandifulasha. Diresi lawo lija linayenera kutha tsiku limenelo, ndipo ine ndinali ndisanaike n'komwe zipi. Ndinawaimbira n'kuwauza ndi mawu a munthu wodwalika kuti pakhosi pandigwira, sindikutha ngakhale kumeza malovu, ndagona, asavutike kubwera. Ndinakhosomolanso kawiri pafoni kuti zimveke. Anandipepesa kwambiri, anati andikumbukira m'mapemphero. Ine, mayi wamkulu wopita kutchalitchi sabata ndi sabata, sindinaganizeko n'komwe kuti Lachinayi ndi tsiku limene amayi a mpingo amayendera okalamba ndi odwala.

Ndinafika ku Chinsapo dzuwa litapendeka pang'ono. Sindinadzere kuchipata, ndinazungulira njira ya kumunda, n'kulowa m'chimanga. Chisoso chinandimata chitenje chonse, nsapato imodzi inatsala m'matope mpaka ndinachita kuizula ndi manja. Ndinafika kuseri kwa mpanda, n'kunyonyomala pakati pa mawungu. Udzu wa mpandawo unali wothithikana, sindinkaona chilichonse mkati. Ndinatchera khutu, kuli zii, abakha okha. Ndinati eya, mayiwo ali okha, mwina akuwodzera pansi pa mango.

Ndinaika manja kukamwa n'kuuwa kamodzi, mwaulemu. Palibe chinachitika. Ndinauwa kawiri, mokwezako. Zii. Ndinaganiza kuti mwina tulo tawo ndi tolemera, ndiye ndinamasuka, kutulutsa zonse zimene ndinaphunzira m'bafa. Apo galu wa nyumba ina kutsidya kwa munda anandiyankha, ndi mawu aakulu okhuthala. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinaona kuti mayiwo angaganize kuti wouwa ndi wa aneba, khama langa lonse n'kupita kwa galu wa eni. Ndiye ndinakweza kuti ndimupose. Iye akati wu, ine wu wu wu. Anajowina wachitatu. Ndinawonjezera ndi kaphokoso kapakhosi kaja galu amachita akaona mlendo, ndipo kunena zoona kanatuluka bwino moti ndinadzinyadira. Thukuta lili kamukamu, maso nditatsinzina, mutu nditakwezera kumwamba, ndinali nditaiwala kuti ndine telala.

Chimene chinanditsegula maso ndi mthunzi umene unandigwera pankhope.

Patsogolo panga panali Batani, ataluma nsonga ya chitenje cha a Nabanda, akuwakoka pang'onopang'ono, mchira ukugwedezeka. Kumbuyo kwa a Nabanda kunali amayi a mpingo, ovala mabulauzi oyera ndi maduku, mzere wonse mpaka pakona pa mpanda. Ena atagwira mabuku a nyimbo, wina munsi, wina mpini wa khasu. Ndinamva pambuyo pake kuti kachetechete uja ndinamumva ndikufika, anali ali m'pemphero la chamumtima, ndipo atamva phokoso langa anagwirizana kuti ndi galu wachiwewe, chifukwa wabwinobwino sauwa choncho. Woyamba pamzerewo, atagwira munsi uja, anali mayi Gondwe.

Kodi munthu pamenepo umati chiyani? Manja anali akadali kukamwa. Ndinawatsitsa bwinobwino, n'kuwaika pamaondo.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Ndipo poti ndi anthu oleredwa bwino, onse anayankha pamodzi kuti aswera bwino, kaya ine. Mayi Gondwe anatsamiritsa munsi pampanda, anandiyang'ana kuyambira kumatope a kumapazi mpaka kuchisoso cha paduku.

"Pakhosi paja papolako, atelala?"

Wina kumbuyo anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkangofuna nthaka ya Chinsapo itang'ambika.

Munthu mmodzi yekha amene sanadabwe ndi a Nabanda. Iwo anali osangalala, akumusisita Batani pamutu, n'kumawauza anzawo mokweza kwambiri kuti aone okha, umu ndi mmene amachitira galu wawo. Munthu akangoyandikira mpanda, iye amabwera kudzawakoka chitenje mpaka akawafikitse pamalopo. Lachiwiri anawakokera kukhola la abakha, n'kupezadi munthu akusuzumira, ndipo atawaona anathawa. Apa ndi pamene mayi Gondwe anandinong'oneza kuti a Nabanda makutu anafa kalekale. Kumwetulira ndi kugwedeza mutu kuja, amachitira mwana wawo, kuopa kuti akadziwa kuti zafika pamenepa awasamutsira ku Mtsiliza, asiye dimba ndi abakha awo. Galu wouwa kwa iwo sangawathandize kanthu, ngakhale atauwa mpaka kukomoka.

Ndiye kuti ine ndinauwira mpingo wonse ndi agalu a eni, kupatula munthu mmodzi yekhayo amene ndinabwerera.

Ndili chinyonyomalire choncho, ndinaulula zonse, za bodza langa kwa a Yohane, za alandilodi, za kutha kwa mwezi. Amayi aja anasiya kuseka. Anati Loweruka abwera awiri kudzalankhula ndi a Yohane, awafotokozere za makutu a mayi awo ndi za ntchito imene galuyo akugwira. Wina anawakuwira a Nabanda m'khutu kuti mwana wawo akufuna kumubweza galuyo poti sauwa. Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo, anamunyamula Batani n'kumukumbatira pachifuwa.

"Uyu sachoka pano. Yohane akafuna wouwa akagule wake."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinaganiza kuti basi, manyazi ndachita koma zatha bwino, ndidzuke ndizipita. Ndikukutumula chitenje, a Nabanda anandiyang'anitsitsa, ngati akundiona koyamba, n'kufunsa anzawo kuti nanga mayi wa galuyu amatani kuseri kuno, osadzera kuchipata bwanji.

Mayi Gondwe anawerama n'kunena chapansipansi, pofuna kundisungira ulemu, kuti ndimauwa. A Nabanda anati sanamve. Anabwereza mokwezako. Sanamvebe. Mitu ya aneba inali itayamba kale kutulukira pamwamba pa mipanda, ena ataima panjira ndi ndowa pamutu. Mayi Gondwe anandiyang'ana mopepesa, anakoka mpweya, n'kuika pakamwa pakhutu la mayiwo.

"Amauwa! Mayiwa amauwa m'malo mwa galu!"

Ndikukhulupirira kuti mpaka ku Likuni anamva. A Nabanda anandiyandikira. Kenako anandigwira dzanja, mwachifundo chenicheni, popanda n'kuseka komwe.

"Pepa mwana wanga, wachokera kutali, ndiye ine osamva kanthu." Anatembenuza mutu n'kukankhira duku m'mwamba. "Tabwereza mbali iyi, khutu ili ndi limene limamvako pang'ono."

Ngati ndinabwereza kapena ayi, zimenezo mukafunse ku Chinsapo, ine sindiyankha. Chimene ndinganene n'chakuti Batani anakhala pakhomo paja mpaka kukalamba, wonenepa, wosauwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo diresi la mayi Gondwe ndinalimaliza mawa lake lomwelo mutu uli pansi. Kagalu kena ndikadzakapeza m'ngalande, kutola ndidzatola, mtima wanga ndimaudziwa. Koma zokalankhulira galu kwa eni nyumba, ndinalumbira, aliyense azidziuwira yekha.