Shuga wa Sensei

Inu, senderani kuno, basiyi sibwera msanga. Mukumudziwa mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga uja? Yemwe uja adandiuza pamaso pa anthu kuti mutu wanga ndi wokolekapo chipewa basi, ati chifukwa sukulu ndidalekera panjira. Eya, lero mumve za mutu wake iyeyo.

Ali mnyamata adagwirako ganyu yokupiza mbendera pamsewu womwe ankamanga Ajapani. Kuchokera pamenepo, ati katswiri wa zinenero! Mawu amene adatola sangadzaze n'chikhatho chomwe, koma akayamba kudzitama mungati mchombo wake udagwera komweko.

Ukalamba utafika, adokotala adamupeza ndi matenda a shuga. Mlongo wanga sadziwa masewera: adamuletsa mwamuna wake kuponda kukhitchini, tiyi n'kumamupatsa wosatsira kanthu. Munthu wamkulu ankayang'ana kapu ngati mwana womuletsa kuyamwa. Adaganiza, n'kuganiza, mpaka maso ake adagwera pa zidzukulu ziwiri za pakhomopo, mtsikana wamkulu ndi kamnyamata kogweluka mano.

"Kuyambira lero sindine agogo," adatero. "Ndine Sensei, ndiye kuti mphunzitsi. Pakhonde pano tizilankhula Chijapani chokhachokha."

"Bola zimenezo, bambo, kusiyana n'kumangowodzera," adatero mlongo wanga.

Sukulu idayamba mokweza mawu. Konnichiwa, moni. Mizu, madzi. Ocha, tiyi. Arigato, zikomo. Kenako Sensei adatsitsa mawu, n'kufika pa phunziro lenileni.

"Sato ndi shuga. Ndikati sato kudasai, iwe wamng'ono thamanga ukatape m'botolo. Obaasan ndi agogo anu aakazi. Mukamva phazi lawo, kuwani liwu limenelo."

Zidayenda, sindikana. Koma dzanja la mwana muli kulidziwa: theka la shuga linkathera panjira, lotsalalo n'kufika lonyowa ndi malovu. Sensei adati nzeru n'kusunga, nayamba kuunjika m'thumba la jekete. Tsiku lina akuphunzitsa ana kuwerama kwa ulemu, nyerere zidatuluka m'thumbamo gulu lonse, ulendo wa kukhwapa. Inu! Nkhalamba idadumpha, kudzimenya nthiti, kupalasa pansi ngati nkhuku.

"Nanga izi n'ziti?" adafunsa mlongo wanga.

"Ndi mavinidwe a kwawoko, mayi."

Kamnyamata nako kadazindikira kuti liwu lija ndi lokoma kuliseweretsa. Sensei akangoika kapu pakamwa, iko: "Obaasan!" Iye gwa, tiyi wamoto kummero, lilime kupsa, pakhomo popanda munthu. Ana ali gadagada ndi phwete.

Chimene Sensei sadadziwe n'chakuti mtsikana uja mawu ake aja adamuchepera. Adayamba kubwereka foni ya amayi ake n'kumaloweza ena atsopano kukhitchini, mokweza, agogo ake aakazi akusenda anyezi pambali, makutu ali tcheru.

Ndiye kudzikuza kudamutuma mlamu wanga kuti aitane anansi adzaone ophunzira ake. Nanenso adandiitana. "Mlamu, bwerani, mwina mungatoleko kanthu musanafe." Ndidapita, nanga n'kutani.

Ana adawerama, adapereka moni, anthu m'manja phu phu phu. Tiyi adabwera. Sensei adatsinzinira kamnyamata. "Sato kudasai." Iko liwiro, kubwerako, n'kukhuthulira dzanja lonse m'kapu mobisa. Koma mtsikana adali ataona agogo ake aakazi m'mawa akuchotsa shuga m'botolo muja n'kuthiramo mchere. Chifundo chidamugwira, nakoka malaya a Sensei.

"Sensei, shio! Shio!"

Shio ndi mchere. Nanga Sensei adalimvapo? Pamsewu paja sankapatsana mchere. Koma afunse mwana pamaso pa ine, wa mutu wa chipewa?

"Eya, shio, shio," adatero akugwedeza mutu. "Mwamva? Liwu lovuta limenelo, ndidamuphunzitsa dzulo."

"Agogo, ndikunena kuti m'kapumo..."

"Chijapani chokhachokha pakhonde pano!"

Adakweza kapu, n'kugugudiza. Abale, nkhope ija! Maso adatuluka, masaya kufufuma, makutu kugwedera. Alavule? Anthu akuyang'ana. Adameza, misozi ili chuchuchu. Akulu adati safunsa adadya phula. Wathuyu adamwa mchere.

Pamenepo mlongo wanga adaima pakhomo, n'kuwerama bwinobwino, manja pamaondo.

"Oishii, Sensei? Ndiye kuti, kodi wakoma? Kapena phunziro limenelo simunafikepo?"

Atatero adatulutsa shuga weniweni, n'kunditsirira ine masupuni atatu odzaza, mwamuna wake akuona. Ndidatakasa pang'onopang'ono, supuni ikulira m'kapu ngati belu la sukulu yomwe amandinyoza nayo ija.

Sukulu ya pakhonde ikadalipo mpaka lero, kungoti Sensei tsopano ndi mtsikana uja. Mlamu wanga amakhala pampando wa ophunzira, kumbuyo kwa kogweluka mano, ndi tiyi wake wosatsira kanthu. Ine ndidatolako liwu limodzi lokha, monga adandifunira. Ndikamadutsa pamenepo ndimavula chipewa, n'kumupatsa moni mwaulemu: "Shio, mlamu."