Mpando wa Ulemu wa Mayi Elube

M'mudzi wina, umene dzina lake ndilibisa chifukwa ndili ndi apongozi kumeneko, munalibe mjigo wotulutsa madzi, mlatho kapena netiweki ya foni, koma ulemu wokha unali wosefukira. Munthu sankadutsa pakhomo pa mnzake osaima, kufunsa za ana, za mbuzi ndi za chifuwa cha agogo, kenako n'kulandira chikho cha thobwa. Woyang'anira zonsezi anali Bambo Wisikesi Mtambalika, Tcheyamani Wamuyaya wa Komiti Yoona za Moni, Magwadidwe ndi Kayendedwe ka Anthu Akuluakulu. Mimba yawo inkayamba kufika pamsonkhano eni ake akadali panjira.

M'mudzimo munkakhala Mayi Elube Chatsika, mphunzitsi wopuma ntchito, amene pa utsikana wawo ankasiya anyamata m'mbuyo pa mpikisano wa liwiro. Ukalamba unawabweretsera shuga ndi bipi, ndipo phazi lakumanzere linayamba kuchita dzanzi. Mkulu wawo anali atadulidwa mwendo ndi matenda omwewo, choncho dokotala wa pachipatala chaching'ono cha tsidya la dambo atayankhula, mayiwo anatchera khutu.

"Mankhwala okha sakwanira, mayi," anatero dokotalayo. "Yambani ndi kuyenda ndawala. Thupi likazolowera muzithamanga pang'ono, mukatopa muziyenda. Shuga musiye, ndipo mapazi muziwayang'ana tsiku lililonse. Mukachita ulesi, mwendo uwu tidzautenga."

Mayi Elube anachita mantha. Anagula nsapato zamasewero pa kaunjika, namanga chitenje molimba, ndipo m'mawa mwake anauyamba.

Sanapite patali. Pakhomo loyamba anaima kupereka moni. Pachiwiri panali bambo, ndiye anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Pachitatu anawatulutsira thobwa, ndipo popeza anali aphunzitsi, anawawonjezera shuga wosungira alendo. Kukana kukanakhala kunena kuti eni nyumba ndi afiti. Dzuwa lili pamutu mayiwo anabwerera kwawo pa kabaza, chifukwa mwini njinga analumbira kuti sangaone aphunzitsi ake akuyenda pansi iye ali moyo. Anafika atakhuta, dzungu lamphatso lili pamiyendo.

Sabata itatha choncho, anaganiza zongokweza dzanja n'kudutsa. Mudzi unagwedezeka. Amayi anaponya matsache n'kuwathamangira kufunsa amene wamwalira, ndipo atamva kuti palibe, anakhumudwa kwambiri. Madzulo komiti inakumana.

"Mayi, akukuthamangitsani ndani?" anafunsa a Tcheyamani.

"Matenda, bambo."

"Matenda amathawidwa ndi miyendo? Kuthamanga si kufika! Ine bipi ndili nayo, koma ndimaisunga mwaulemu, nditakhala pansi. Inu mukufuna alendo azinena kuti m'mudzi muno mafumu amadutsidwa ngati ziputu?"

Komiti, posonyeza kuti si yotsalira, sinaletse kuthamanga. Inangolamula kuti wothamanga aziima pakhomo lililonse, azimwa chimene wapatsidwa, ndipo liwiro lake lisapose mayendedwe a a Tcheyamani.

Mayi Elube analipira nkhuku ya chindapusa, napeza nzeru ina. Kuseri kwa manda kunali kanjira kopanda nyumba, ndipo okhala kumeneko sankafunsa moni. Kumeneko anayambiranso pang'onopang'ono monga ananenera dokotala: kuyenda mpaka pamtengo wa mkuyu, kuthamanga mpaka pachulu, kupuma, n'kubwerera. Mvula isanagwe, dzanzi linachepa, tulo tinabwerera, ndipo dokotala anaseka poona zotsatira pa makina ake oyezera. Mayiwo anasangalala ngati mtsikana.

Koma m'mudzi anthu anaona kuti awonda. Ena anati ana awo a m'tauni awataya, ena anati munthu wochezera kumanda m'mawa ali ndi abwenzi kumeneko. Komiti inawaitananso. A Tcheyamani anaimirira, natukula chala kuti agamule, koma chalacho chinagwa, mlomo unapotoka, ndipo thupi lonse linatsatira, khu!

Panali chipwirikiti. Wakabaza anali kumsika, anyamata anali ku Joni, ndipo otsalawo anali pamowa. Akuluakulu a komiti anayang'anana mimba. Mkazi wa a Tcheyamani anagwira miyendo ya woimbidwa mlandu uja.

"Aphunzitsi, thamangani! Chonde thamangani, bambo akupita awa!"

Mayi Elube anathamanga. Anadutsa makomo onse osakweza ngakhale dzanja, nawoloka dambo, ndipo posakhalitsa dokotala anafika pa njinga yamoto, iwo ali kumbuyo. A Tcheyamani anapulumuka.

Anthu a m'mudzimo si osayamika, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Atachira, a Tcheyamani anaitanitsa msonkhano waukulu. Anayamba ndi mlandu wa makomo amene mayiwo anadutsa osapereka moni tsiku lija, naukhululukira pakati pa nthungululu. Kenako, misozi ili m'maso, anawaveka udindo wa Mayi Wolemekezeka Kwambiri, Mpulumutsi wa Komiti ndi Tsinde la Mudzi. Anawagulira mpando wa khushoni n'kuuika pakhonde pawo. Analamula kuti phazi la munthu wotere lisapondenso fumbi, kabaza azikhala pakhomo usana wonse, ndipo banja lililonse lizipereka thobwa la shuga mosinthana. Nsapato zija anazipachika muofesi ya komiti kuti ana a m'tsogolo azidzaziona.

"Bambo, dokotala anati ndiziyenda," anadandaula mayiwo.

"Mwayenda mokwanira, mayi athu," anayankha a Tcheyamani mwachikondi. "Tsopano ndi nthawi yathu yokutumikirani."

Anayesa kuzemba mbandakucha, koma amayi amene anaikidwa kuti aziwadikirira anawabweza akuimba nyimbo zowatamanda.

Nawonso a Tcheyamani anali atauzidwa ndi dokotala mawu omwe aja. Komiti inakhala pansi, ndipo itasinkhasinkha mozama inapeza kuti mtsogoleri akamafulumira m'mawa sakuthamanga ayi, koma akuyendera chitukuko mwachangu, ntchito imene siyenera kuchedwetsedwa ndi moni. Popeza ntchitoyo inali ya komiti, anagwiritsa ntchito katundu wa komiti. Nsapato zija zinawakwana ndithu.

Lero mukapita m'mudzimo m'mawa, muwapeza Mayi Elube pampando wawo, atanenepa mokondweretsa aliyense, chikho chili m'manja. Phazi lakumanzere lakulungidwa nsalu chifukwa cha kachilonda kamene kakukana kupola, ndipo dokotala wawalembera kale kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Dzuwa likamatuluka, a Tcheyamani amadutsa pamenepo, mimba itaphwa, thukuta lili kamukamu. Saima. Amangokweza dzanja n'kufuula:

"Musadzuke, mayi, musadzuke! Khalani pomwepo, ulemu ndi wanu!"